Webusaiti ndi nyumba ya lendi



Masabata apitawa mayi wina wa Mvano, wamasiye, amene amasoka madiresi a ukwati ndi mayunifomu a sukulu ku Chilomoni, anandiimitsa titatuluka m'tchalitchi. Anatulutsa foni kuti andionetse webusaiti ya bizinesi yawo, koma panalibe kanthu. Chaka chathachi anatenga ngongole ku banki mkhonde, ndalama zokwanira kugulira makina ena osokera, napereka kwa mnyamata wina kuti awapangire webusaitiyo. Inatuluka yokongola ndithu, ine ndinaiona. Patatha miyezi 12 inazima, ndipo nambala ya mnyamatayo siikupezekanso.

Sindikuti mnyamatayo ndi wakuba. Mwina ntchito imene analipidwa anaigwira yonse. Chandilembetsa ndi chimene sichinanenedwe pa tsiku lopangana mtengo.

Ambiri a ife timayesa webusaiti ili ngati chikwangwani: mwalipira wolemba kamodzi, mwakhoma pakhomo pa shopu, zatha. Sizili choncho. Ndalama imene mumapatsa wopangayo ndi ya luso lake lokha. Dzina la webusaiti, limene iwo amati domain, simuligula kuti likhale lanu mpaka muyaya, mumachita kubwereka, ndipo nthawi ikakwana mumalipiranso. Lothera ndi .com limadya madola pakati pa 10 ndi 20 pa chaka. Lothera ndi .mw, limene limayang'aniridwa ndi a Malawi SDNP, nalonso lili ndi malipiro ake. Pamwamba pa apo pali malo osungirako zithunzi ndi mawu anu, amene amati hosting. Amenewo ndi lendi yeniyeni. Mukaleka kulipira, mwini malo amatseka chitseko, ndipo simungapite kukam'dandaulira monga timachitira ndi alandilodi athu a ku Zingwangwa.

Tsono taonani pamene pagona vuto. Inu mumagulitsa m'makwacha, koma lendi imeneyi kawirikawiri imawerengedwa m'madola. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anagwirizana mtengo zisanachitike izi anadzuka m'mawa lendi itakwera, chonsecho diresi akusokabe pa mtengo wakale. Ndipo aliyense amene wayesapo kulipira kanthu kunja ndi khadi ya banki m'zaka zino akudziwa mmene madola akuvutira. Pa Luka 14 timamva za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi n'kuwerengera ngati adzaitsirize. Nsanja iyi imafuna muwerengere chaka chachiwiri ndi chachitatu chomwe.

Funso lina limene ndikanakonda mudzifunse ndi ili: kasitomala wanu ali kuti? Mayi wa ku Bangwe wofuna yunifomu ya mwana wake amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook ku Airtel kapena TNM, poti ndiyo yotsika mtengo. Bandulo imeneyo siitsegula webusaiti yanu. Mwamanga nyumba yokongola kumene iye alibe ndalama ya minibasi yofikirako. Pamene WhatsApp Business ndi yaulere, ndipo mutha kuikamo zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Tsamba la Facebook ndi laulere. Kulembetsa shopu yanu kuti izioneka pa Google Maps n'kwaulerenso. Malipiro amabwera pa Airtel Money kapena Mpamba monga mwa masiku onse.

Alipo amene webusaiti iwayenera. Kalipentala wa ku Ndirande amene wayamba kupikisana nawo pa matenda a madesiki a sukulu ndi mipando ya m'maofesi, kapena mwini malo ogona alendo ku Machinjiri wofuna anthu ochokera kunja, amenewo imelo yokhala ndi dzina la bizinesi yawo imawapatsa ulemu pamaso pa mabungwe. Kwa inu otere ndikuti: dzina la webusaitiyo lilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, osati ya wopangayo. Mawu achinsinsi olowera akupatseni tsiku lomwelo. Akulembereni papepala ndalama ya chaka chilichonse, tsiku lolipira, ndi mtengo wosinthira chithunzi kapena mtengo wa katundu. Mayi athu aja analibe ngakhale chimodzi mwa izi, n'chifukwa chake dzina la bizinesi yawo sitingathe kulibweza popanda mnyamata uja.

Ndisaiwale mbali ya ana athu. Ambiri amene akupanga ntchitoyi ndi achinyamata otuluka ku MUBAS ndi m'makoleji ena, ntchito zolembedwa kulibe. Musawaumirize kugwira ulere chifukwa choti ndi ana a mumpingo. Mukamupsinja pa mtengo, amabisa za chaka chamawa kuti ntchito isamuphonye. Ndipo inu anyamata, nenani zonse poyera, ngakhale kasitomala abwerere.

Mayi aja tinakhala nawo pansi ndi mdzukulu wawo Loweruka lapitali, tinajambula madiresi 9 n'kuwaika pa WhatsApp Business. Amene mwapatsidwa mtengo wa webusaiti ndipo simunalipire, bwerani nalo pepalalo Lamulungu tikatuluka mapemphero a Chichewa, tidzaliwerengere limodzi.