BP Siyenda Yokha, Pimitsani na Mafuta a M'magazi

Mu minibasi ya anthu 15 yocoka ku Kulima Tower, n'kutheka kuti atatu ali na BP yokwela. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa asanu alionse mu Zambia ali na vutoli. Ambili sadziwa, cifukwa BP kambili siwawa.

Manje cimene tiiwala n'cakuti BP ili na mnzake: mafuta oipa a m'magazi, amene madokotala amati kolesterol. Kafukufuku wa m'maiko ambili aonetsa kuti pa odwala BP, pafupifupi theka kapena kuposa ali na vuto la mafuta. Sizodabwitsa, pakuti zonse ziwili zimakula na kunenepa, kukhala pansi tsiku lonse, mowa, shuga na cibadwa. Ganizilani ba dalaiva: kucoka m'mamawa ali pa sitelingi, cakudya ni vitumbuwa, machipisi na soseji.

Zikakumana, ngozi imakula. BP imavulaza mkati mwa mitsempha, ndipo mafuta ochedwa LDL amamatilila pomwepo mpaka njila ya magazi icepa. Tsiku lina yatsekeka: sitiroko kapena mtima waima. Kunyumba lendi na ndalama za sukulu zatsala opanda wolipila.

BP amapima pa mkono mu mphindi zocepa, ndipo ikamafika 140/90 mobwelezabweleza ndiye kuti yakwela. Koma mafuta saoneka pa makina amenewo, afunika kutenga magazi. Ngakhale munthu woonda angakhale nawo. Conco ngati anakupezani na BP, funsani kuti: "Nanga kolesterol yanga ili bwanji?" Mankhwala a BP sacotsa mafuta. Ali na mankhwala ake, ma statin, amene dokotala ndiye aona ngati mufunika.

Zina zili m'manja mwathu. Bungwe la WHO likuti mcele usafike magalamu 5 patsiku, ni ka supuni kamodzi ka tiyi cabe. Cepetsani saladi mu ndiwo, bwelelani ku cibwabwa, kalembula na nyemba. Selukani sitopu imodzi musanafike, muyende pansi, kuti pa wiki mukwanitse mphindi 150. Fodya siyani.

Ku Unduna wa Zaumoyo tikuti: wopezeka na BP pa kiliniki ya mu komboni azipimidwa na mafuta, pafupi komanso pa mtengo wocepa. Kupima n'kochipa kupambana kusamalila munthu wa sitiroko.