Mlandu wa Kadzidzi

Pali mlandu umodzi umene uweruzidwa m'midzi mwathu chaka ndi chaka popanda bwalo ndi popanda mboni, ndipo woimbidwa mlanduyo aphedwa asanamveke. Tinena za kadzidzi. Akapezeka ataikira mazira m'denga la tchalitchi, kapena m'chigafa cha fodya, kapena m'phanga la mlambe kuseri kwa mudzi, anyamata athamangira malegeni, akulu adza ndi nsungwi ndi moto, ndipo dzuwa lisanalowe tiana take tili gone pansi. Ochita izi alibe manyazi, pakuti ayesa kuti apulumutsa mudzi ku maliro. Ife tikana ndithu. Tinena kuti mchitidwe uwu utidyera chimanga, ndipo nthawi zina uipitsa mbiri ya munthu wosalakwa. Potero tipempha kuti banja la akadzidzi likakhala pafupi ndi nyumba zathu, tiyambe taliyang'anitsitsa ndi kulitola chithunzithunzi tisanatole mwala.

Mlandu wake tiudziwa tonse: ati akalira padenga, m'nyumbamo mutuluka maliro. Koma tifunse, kodi kadzidzi alira liti? Alira usiku ndi usiku, poitana mkazi wake ndi pochenjeza anzake kuti dera ili lili ndi mwini. Ife sitimumva chifukwa tili m'tulo. Tsono m'nyumba mukakhala wodwala, anthu achezera ali maso, mitima ili m'mwamba, ndipo amva chilichonse cholira kunja. Wodwalayo akatsikira kuli chete akumbukira kadzidzi, akachira amuiwala. Ndani anawerengapo masiku onse amene mbalameyi inalira pamudzi, kunja nikucha anthu onse ali moyo? Mboni yokumbukira tsiku limodzi niiwala masiku mazana, mfumu yanzeru siilandira pabwalo.

Tiyeni tsono timuone woimbidwa mlanduyo. Amene akonda kukhala pafupi ndi anthu ali a mitundu iwiri. Wina ndi wa nkhope yoyera ndi maso akuda, amene ophunzira amutcha Tyto alba. Uyu alira mokuwa, ndipo ndiye akonda madenga. Wina ndi mantchichi wamawangamawanga wa maso achikasu, amene amutcha Bubo africanus, wokhala ndi tinthu tiwiri toimirira pamutu. Za tinthu timeneti makolo anasiya nthano: mbalame zonse zinamuopa poyesa kuti ali ndi nyanga, kufikira kambalame kena kanalimba mtima, nikayandikira, nikapeza kuti si nyanga ayi. Zoonadi ndi nthenga chabe, ndipo makutu ake enieni abisika m'mbali mwa mutu. Makolo anadziwa kuti mantha awa atha munthu akayandikira ndi kuona. Nanga ife adzukulu awo tikaniranji kuona?

Ife tayang'anira banja la wa nkhope yoyera uja m'denga la nyumba yakale ya sukulu, titakhala chete pataliko madzulo ndi madzulo, ndipo zimene tinaona munthu aliyense akhoza kuziona kwawo. Mbalameyi simanga chisa. Iikira mazira ake pamalo pouma ndi pamdima, kawirikawiri 4 kufikira 7, limodzi limodzi, popita masiku awiri kapena atatu. Mkazi ayamba kufungatira pa dzira loyamba lomwe, nakhalapo masiku 30 kapena kupitirira pang'ono, ndipo mwamuna ndiye amtengera chakudya. Chifukwa chake ana saswa tsiku limodzi, ndipo pachithunzithunzi aoneka ondondozana misinkhu monga ana a m'nyumba imodzi, wamkulu atayamba nthenga pamene wamng'ono akali ndi ubweya woyera. Akamva njala achita phokoso longa la munthu woliza mkonono, ndipo ili ndi phokoso limene ambiri alimva m'denga nathawa poyesa mfiti. Atakwana masabata 8 kapena 9 ayamba kuuluka, nagwa, nayesanso, makolo ali kuwadyetsabe. Tinaona atate ndi amai ogwira ntchito usiku wonse chifukwa cha ana awo. Cha ufiti sitinachione.

Ndipo chimene atengera anawo n'chiyani? Apa mboni ilipo yosanama. Kadzidzi ameza mbewa yathunthu, ndipo patapita maola alavula kambulu kouma ka ubweya ndi mafupa. Timibulu timeneti tipezeka pansi pa malo ake ogona. Tolani kamodzi, mukafumbule ndi kamtengo, ndipo mudzapeza tizigaza ndi tinsagwada ta mbewa ndi makoswe. Kadzidzi mmodzi wamkulu adya mbewa zitatu kapena zinayi pa usiku umodzi. Werengani nokha: zitatu pa masiku 365 zikwana 1,095 pa chaka, ndipo uyo ndi mmodzi yekha, tisanawerenge mkazi wake ndi ana. Kumbukiraninso kuti kapuku aswa ana 10 kapena kuposa pa nthawi imodzi. Ichi ndicho chimkokera kadzidzi pamudzi: atsata makoswe a m'nkhokwe mwanu. Munthu wopha kadzidzi lero, mawa apita kusitolo kukagula mankhwala a makoswe ndi ndalama zake. Ndipo khoswe wodya mankhwalawo akagwidwa ndi kadzidzi wotsalayo, nayenso akhoza kufa. Ena adandaula kuti atha nkhuku. Nkhuku yogona m'khola lotseka saikhudza, ndipo wolanda anapiye masana ndi mphamba ndi kabawi.

Koma wina adzati, nanga mutu wake uzunguliranji monga wa chinthu chotumidwa? Nanga adzeranji mwakachetechete mumdima? Zonsezi zili ndi chifukwa chake. Maso a kadzidzi satembenuka m'malo mwake monga athu. Potero atembenuza mutu wonse, kufikira madigiri 270, pakuti ali ndi mafupa a m'khosi 14 pamene munthu ali nawo 7. Nthenga za kumapiko kwake zili ndi m'mphepete monga chipeso, ndipo ndi zofewa, kotero kuti mphepo ipitapo popanda phokoso. Makutu a wa nkhope yoyera sali pa mzere umodzi, lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake, ndipo ichi chimthandiza kudziwa pamene phokoso lichokera. Wophunzira wa ku America, Roger Payne, anaika mbalameyi m'chipinda chamdima bii, niigwira mbewa ndi kumva kokha. Analemba zimenezi mu 1971. Izi ndi zipangizo za mlenje wa usiku, monga khasu lili chipangizo cha mlimi.

Ena a mumpingo atiuza kuti buku la Levitiko, mutu 11, liwerenga kadzidzi pamodzi ndi mbalame zodetsedwa. Inde litero, koma mutuwo unena za zimene Aisraeli sanayenera kudya, ndipo momwemo muwerengedwanso kalulu ndi nkhumba. Kodi alipo wina amene athawa kalulu kuti adzetsa maliro? Tisabise mantha athu kuseri kwa Buku.

Choipa choposa ndi ichi, kuti mwala woponyedwa kwa kadzidzi sugwera pa iye yekha. Akatera kawiri katatu padenga la gogo wokhala yekha, manong'onong'o ayamba, akuti ndiye amtuma. Denga la wokalamba wopanda womthandiza likhala lakale ndi la mipata, ndipo makoswe achulukamo. Palibe chodabwitsa kuti mlenje wa makoswe afikapo. Koma gogoyo asalidwa, ana aletsedwa kumtungira madzi, ndipo m'dziko muno okalamba ena amenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mabodza a ufiti. Lamulo la mu 1911 liletsa kutchula munthu mfiti. Iye amene aphunzitsa ana ake kuti mbalame ndi mthenga wa mfiti, awaphunzitsanso kufunafuna mwini wake wa mthengayo pakati pa anansi awo.

Anthu a maiko ena anaweruza mlandu womwewu mosiyana ndi ife. Ku Israel, alimi a pa Sde Eliyahu anayamba mu 1983 kukhoma mabokosi m'minda kuti akadzidzi aikiremo, ndipo mabokosi otere anachuluka kufikira zikwi, nafikanso ku Jordan. Ku Johannesburg, kumene abale athu ambiri agwira ntchito, anaika mabokosi otere pa masukulu ena a ku Alexandra chifukwa cha makoswe, nawapatsa ana a sukulu ntchito yosamala mbalamezo. Iwo amkhomera nyumba mlonda amene ife timthamangitsa ndi moto.

Chifukwa chake tikuti, tolani zithunzithunzi. Masiku ano lamya za m'manja zokhala ndi kamera zafika m'midzi yambiri. Chithunzithunzi cha kadzidzi ali ndi khoswe kukamwa chikhoza kuonetsedwa masana pabwalo, kwa agogo ndi kwa ana, ndipo sichionjezera nkhani monga achitira munthu wamantha.

Koma tidzudzulanso otola zithunzithunzi opanda ulemu, amene akwera m'denga, natulutsa tiana, natigwira m'manja kuti adzionetse kwa anzawo. Awa asiyana pang'ono pokha ndi a malegeni, pakuti mkazi wosautsidwa akali pa mazira akhoza kuwasiya. Khalani patali ndi mwakachetechete. Nthawi yabwino ndi chisisira ndi mbandakucha, pamene kuwala kulipo pang'ono. Musawalitse tochi m'maso mwawo nthawi yaitali. Mukapeza kamwana ka mantchichi pansi kasanadziwe kuuluka, musakatengere kunyumba, pakuti ana a mtundu uwu atuluka pamalo pawo asanakhwime mapiko, ndipo makolo ali pafupi, ingochotsani agalu. Dziwaninso kuti kadzidzi ateteza ana ake ndi zikhadabo. Eric Hosking, wojambula mbalame wotchuka wa ku England, anataya diso lamanzere mu 1937 ku Wales, pamene kadzidzi wa kunkhalango anamkwapula pafupi ndi chisa. Iye sanati walodzedwa. Anadziwa kuti ndi kholo loteteza ana, ndipo atachira anabwerera ku ntchito yake, najambulabe akadzidzi zaka zambiri.

Tsono, abale, tipempha zinthu zapafupi. Aphunzitsi atole timibulu tija, nafumbule pamaso pa ana m'kalasi. Akulu a mpingo akapeza banja m'denga la tchalitchi, alileke miyezi itatu kufikira ana atauluka, ndipo ngati zitosi zisautsa, akhome bokosi pamtengo wapafupi asanatseke mpatawo. Mafumu aletse moto ndi malegeni pa malo otere, ndipo akamva wina anena kuti kadzidzi watumidwa ndi uje, amfunse mboni monga afunsira pa mlandu wina uliwonse. Inu amene mwawerenga mawu awa, kadzidzi akalira padenga panu usiku uno, musadzutse anyamata. M'mawa mukayang'ane pansi pa mtengo umene agona, mutole kambulu kamodzi, ndipo muweruze mutaona zili m'katimo.