Bwato la chinjoka tilisiye, nzeru ya opalasa ake tiitenge

M'mizinda yambiri ya ku Britain, Canada ndi Australia, mabungwe othandiza odwala ndi osowa amasonkhetsa ndalama pochititsa mpikisano wa mabwato a mutu wa chinjoka. Bwato lake ndi lopyapyala, lotalika pafupifupi mamita 12. Opalasa 20 amakhala awiriawiri, kutsogolo woimba ng'oma amakhala moyang'anizana nawo kuti nkhafi zonse zigwe m'madzi nthawi imodzi, ndipo kumbuyo kumaimirira wowongolera. Mwambowu ndi wa ku China, komwe amakumbukira nawo mlakatuli Qu Yuan amene anamira mumtsinje wa Miluo m'chaka cha 278 Yesu asanabadwe. Mzinda wa Hong Kong unayamba kuitana mayiko ena kumpikisanowu mu 1976, ndipo pofika 1991 masewerowa anali ndi bungwe lawo la dziko lonse. Anthu a ku Minga, Petauke ndi Nyimba ali ndi choti atolepo pankhaniyi, ngakhale kuti bwato lotere sadzalikwera. Chimene chimakoka ndalama pampikisanowu ndi kakonzedwe ka magulu, ndipo kakonzedwe kameneko sikafuna madzi.

Taonani mmene ndalamazo zimabwerera. Gulu lililonse, kaya ndi la ogwira ntchito pakampani imodzi, kaya la mpingo, limalipira kuti lilowe mpikisano. Koma zambiri sizichokera pamenepo ayi. Wopalasa aliyense amapita kwa abale ake, anzake ndi amene amagwira nawo ntchito, n'kuwapempha kuti amuikire kangachepe chifukwa iye akukapalasa. Ndiye kuti bwato limodzi lili ndi opempha oposa 20, ndipo aliyense akugogoda pakhomo pomwe amamudziwa dzina. Apa ndiye pagona nzeru yonse. Kalata ya komiti yopempha thandizo munthu amaiika pansi n'kuiwala, koma mlamu wake akamuimirira pamaso, manyazi ndi chikondi zimagwira ntchito limodzi. Kuonjezera apo, magulu amapikisana pawiri: amene afike msanga, ndi amene asonkhetse zambiri. Opalasawo safunikanso kukhala akatswiri. Mu 1996 Dr Don McKenzie wa ku Vancouver anasonkhanitsa amayi 24 amene anadwalapo khansa ya m'mawere kuti apalase bwato lotere, pa nthawi imene madokotala ankawaletsa kugwiritsa ntchito manja mwamphamvu poopa kutupa. Amayiwo anapalasa osavulala, ndipo lero magulu otere ali m'mayiko ambiri, kuphatikizapo amaBele Belles a ku Cape Town.

Bwato lenilenilo kuno lingakhale kutaya ndalama, mwinanso kutaya miyoyo. Mitsinje yathu yambiri ikafika miyezi ya chilimwe imasanduka mchenga, ndipo Luangwa, amene amasunga madzi, ndi kwawo kwa ng'ona ndi mvuu. Ku Livingstone nkhani ndi ina, poti kumeneko Zambezi anaonapo kale mpikisano wa akatswiri opalasa mabwato a dziko lonse mu 1910, pamene Richard Arnst anagonjetsa Ernest Barry. Ife tili ndi njinga, imene imanyamula makala, nthochi za ku Nyimba ndi mayi woyembekezera pa msewu womwewo. Magulu a anthu 20 olandirana njinga imodzi, aliyense kupalasa chigawo chake woimba ng'oma akuchemerera, angachite ntchito yomweyo. Makolo athu ankadziwa kale zimenezi pa dima: munda wa munthu mmodzi unkatha tsiku limodzi chifukwa makasu anali ambiri ndipo palibe amene ankafuna kutsalira pamzere.

Tiyerekeze kuti pa mpikisano wothandiza chipatala cha Minga pabwera magulu 15: aphunzitsi, ogulitsa pamsika, kwaya, amayi a chilimba, oyendetsa njinga zamoto, alimi a kopaletivu, ana a ku Minga okhala ku Lusaka. Ngati wopalasa aliyense atapeza K200 kwa anthu ake, gulu limodzi labweretsa K4,000, ndipo onse pamodzi K60,000. Si ndalama zomangira chipatala, ndipo amene angalonjeze zimenezo akunama. Koma zikhoza kugula chinthu chimodzi chooneka ndi maso, monga matiresi ndi mabulangete a nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera, kapena mabatire a magetsi a dzuwa. Masiku ano wachibale wa ku Kitwe kapena ku Johannesburg safunika kukwera basi kuti asonkhe. Airtel Money ndi MTN zimafikitsa ndalama tsiku lomwelo.

Alipo amene anganene kuti umoyo ndi udindo wa boma, nanga bwanji mlimi wosauka asonkherenso pamene ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo bungwe la inshuwalansi ya umoyo la NHIMA limadula pa malipiro a antchito mwezi ndi mwezi? Funsoli ndi loona ndipo lisatayidwe. Koma zipatala za mishoni, monga Minga ya Dayosizi ya Chipata, Nyanje ndi St Francis ku Katete, zakhala zikuyenda ndi miyendo iwiri kuyambira kale: boma mbali ina, mpingo ndi abwenzi ake mbali ina, ndipo bungwe la mipingo loona za umoyo la CHAZ, limene linakhazikitsidwa mu 1970, ndilo limalumikiza mbali ziwirizo. Mwendo wachiwiriwo kwa zaka zambiri unkadalira opereka a kunja kwa dziko, ndipo thandizo la kunja tonse taona mmene limatha kuduka mwadzidzidzi. Komanso anthu amene aika K200 yawo pachipatala amakhala ndi pakamwa pofunsira phungu kuti boma laikapo zingati. Kusonkha sikumasula boma pa udindo wake. Kumachulukitsa maso oliyang'ana.

Chitsutso chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china: kuti chikondwerero chimadya ndalama zimene chasonkhetsa. Ngakhale kumene mabwatowa anazolowereka, pamakhala zolipira kampani yobwereketsa mabwato, opulumutsa anthu pamadzi ndi inshuwalansi, ndipo magulu akachepa phindu limachepa nalo. Kuno dzenje lake timalidziwa bwino: matenti, zokuzira mawu, mafuta a galimoto ya mlendo wolemekezeka, nkhuku ndi mpunga za kumpando wapamwamba, ndi alawansi ya komiti. Anthu akangoona kamodzi kuti thukuta lawo lathera m'mbale za akuluakulu, chaka chamawa sadzabweranso, ndipo adzakhala atalondola. Choncho malamulo akhale olimba kuyambira tsiku loyamba. Chogulidwacho chitchulidwe ndi mtengo wake mpikisano usanayambe. Zolipira za tsikulo zichokere kwa eni mashopu ndi makampani ogula thonje ndi soya, amene angasinthanitse thandizo lawo ndi dzina pa malaya a opalasa, kuti ndalama ya wosonkha isakhudzidwe. Gulu lililonse liwerenge ndalama zake pabwalo anthu akuona, chiwerengero chilembedwe pabolodi, kenako chilengezedwe m'tchalitchi ndi pa Radio Maria kapena Breeze FM. Osaina kubanki akhale atatu ochokera mbali zosiyana: wa chipatala, nthumwi ya mfumu, ndi wosankhidwa ndi magulu.

Nthawi yake isakhale ya mvula, pamene nkhokwe zapepuka ndipo aliyense ali kumunda. Mwezi wa July ndi wabwino: misewu yauma, dzuwa silinapse, ndipo alimi agulitsako mtedza ndi soya. Ukatero mpikisanowo sulimbananso ndi Kulamba ya ku Mkaika mu August kapena Tuwimba ya Ansenga a Kalindawalo mu October, pamene mafumu ndi eni malonda omwewo amakhala ndi zopereka zina.