Mlendo ndi mame, buku ndiye litsale

Kuyambira m'chaka cha 1998, mzinda wa Durban m'dziko la South Africa wakhala ukulandira alembi a mabuku ochokera m'maiko osiyanasiyana pa chikondwerero chotchedwa Time of the Writer. Amakonza chikondwererochi ndi a nthambi yoona zaluso pa yunivesite ya KwaZulu-Natal, ndipo kawirikawiri chimachitika m'mwezi wa Malichi. Kwa zaka zambiri, madzulo alembiwo ankakamba za mabuku awo m'holo ya zisudzo ya Elizabeth Sneddon, pomwe masana ankawaperekeza m'masukulu ndi kundende ya Westville kukacheza ndi ophunzira komanso akaidi pa nkhani ya kuwerenga ndi kulemba.

Maulendo a masanawa ndiwo akutikhudza ife ogwira ntchito zachitukuko, chifukwa holo ya m'tauni amaifikira ndi amene ali ndi ndalama yoyendera usiku. M'chaka cha 2015, mlembi wina, Thando Mgqolozana, adalengeza pa chikondwerero cha ku Franschhoek kuti wasiya kupita ku zikondwerero zomwe omvera ake ambiri ndi azungu, pomwe kumalokeshoni kumene anthu akuda ambiri amakhala mabuku ndi osowa. Chaka chotsatira, a Time of the Writer adasamutsira zochitika zawo kumalokeshoni monga KwaMashu, Umlazi, Clermont ndi Inanda. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho cha 2016, Mgqolozana adayambitsa chikondwerero cha Abantu ku Soweto.

Kusamuka kumeneku kudali koyenera, pakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwana amene waona ndi maso munthu wolemba buku, namumva akulankhula chilankhulo cha kwawo, amazindikira kuti mabuku salembedwa kutsidya kwa nyanja kokha. Komabe akuluakulu adatinso mlendo ndi mame. Mlembi amakhala pasukulu ola limodzi kapena awiri, kenaka galimoto imamutenga. Kodi m'mawa mwake mwana uja awerenga chiyani?

Funsoli n'lolemera. Kafukufuku wa PIRLS wa m'chaka cha 2016 adapeza kuti ana 78 mwa 100 alionse a giredi 4 ku South Africa sankatha kumvetsa zomwe akuwerenga m'chilankhulo chilichonse. Kafukufuku wa 2021, yemwe adachitika sukulu zitasokonekera ndi mliri wa Covid-19, adapeza kuti chiwerengerocho chakwera kufika pa 81. Vuto lotere silingathe ndi chikondwerero cha sabata imodzi. N'chifukwa chake ntchito ngati ya Nal'ibali, yomwe idayamba mu 2012, idasankha njira ina: kufalitsa nthano m'zilankhulo za m'dzikomo ndi kulimbikitsa magulu owerenga omwe amakumana chaka chonse motsogozedwa ndi anthu a m'dera momwemo.

Tsono inu alangizi, aphunzitsi a sukulu zakwacha ndi atsogoleri a makalabu a alimi, alendo otere akalemba kalata kuti akufuna kufika m'dera lanu, alandireni ndi manja awiri, koma mugwirizane nawo zinthu zinayi asanabwere.

Choyamba ndi chilankhulo. Mabuku amene abweretse akhale oti agogo ndi mdzukulu atha kuwerengerana pakhonde. Katoni ya mabuku a Chingerezi chovuta imangodyedwa ndi chiswe mu ofesi ya ahedi.

Chachiwiri ndi wosunga mabuku. Mudzi usankhe munthu wodalirika, pakhale bokosi lotseka bwino ndi kope lolembamo obwereka, ndiponso tsiku lodziwika pa sabata loti anthu azikumana. Wosungayo ayenera kuphunzitsidwa kuwerengera ana mokweza ndi kuwafunsa mafunso pa zomwe amva.

Chachitatu ndi nyengo. Msonkhano woitanidwa nthawi yopalira kapena yokolola umafika ana okhaokha, makolo ali kumunda. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, ndi pamene mlimi angakhale pansi mtima uli m'malo.

Chachinayi ndi kulemba. Alendowo asangowerenga zawo zokha. Asiye makope ndi mapensulo, ndipo aonetse achinyamata kalembedwe ka zomwe zili pakhomo pawo: mbiri ya mudzi, nthano za agogo, tsiku lomwe mvula yobzalira idagwa, matumba omwe adatuluka m'munda. Zolembazo ziziwerengedwa pagulu, zina zitumizidwe kwa okonza chikondwerero kuti azisindikize.

Ena anganene kuti nthano sizidyedwa. N'zoona, koma maso omwe azolowera kutsatira nthano mpaka kumapeto ndi omwewo amene amawerenga malangizo a pabotolo la mankhwala ophera mbozi, chiphaso cha ngongole asanasainire, ndi lisiti la wogula mbewu pasikelo. Mlimi wosawerenga amadalira chilungamo cha womuwerengera, ndipo chilungamocho sichipezeka tsiku lililonse.

Choncho malipoti athu asamathere pa chiwerengero cha anthu omwe adafika ndi zithunzi zomwe zidajambulidwa. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, tibwerere kukatsegula kope la obwereka lija, tione maina angati alembedwamo ndiponso mabuku angati ada ndi manja a anthu.