Tisanakweze Mawu, Tidziwe Pomwe Tasiyana

Pa gombe la Chintheche, asodzi akamasoka chilimira nkhani ya malire a nyanja sichedwa kubuka. Wina amati, "Nyanjayi ndi yathu, dzina lomwe likuchitira umboni." Mnzake amati, "Nanga a ku Tanzania asamwe madzi?" Mawu amakwera, chonsecho awiriwa sakutsutsana n'komwe. Wina akukamba za dzina, wina za ludzu.

Nthenda imeneyi yatilowa tonse, ophunzira ndi andale omwe. Ku America, ofuna sukulu ya zamalamulo amalemba mayeso a LSAT. Mmenemo amawapatsa mawu a anthu awiri n'kuwafunsa mfundo imene wina akuivomera pamene mnzake akuikana. Mfundo yomwe watchulapo mmodzi yekha si yankho. Luso limeneli si lachilendo kwathu kuno. Mfumu yanzeru pabwalo imayamba yafunsa kuti, "Kodi mwasiyana pati?"

Tiyeni tifunse chomwecho za nyanja. Palibe amakana kuti pangano la Heligoland la 1890, la pakati pa Britain ndi Germany, lidaika malire pa gombe la kum'mawa. Pagona nkhani ndi apa: kodi panganolo likugwirabe ntchito monga lidalembedwera, kapena likugonjera mfundo yoti madzi a pakati pa mayiko awiri agawidwe pakati? Malawi amati likugwirabe, ndipo amakumbutsa chigamulo cha OAU cha ku Cairo mu 1964 cholemekeza malire omwe atsamunda adasiya. Tanzania amati mzere udutse pakati pa nyanja.

Mbiri ili ndi phunziro. Mu 1954 Britain ndi Portugal adagwirizana kuti malire a mbali ya Mozambique adutse m'madzi, Likoma ndi Chizumulu n'kukhalabe zathu. Malirewo adasuntha ndi pangano latsopano, osati ndi phokoso.

Boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream mu 2011, mkangano udayakanso mu 2012. Zokambirana zomwe adatsogolera a Joaquim Chissano zidaima mu 2014 popanda chigamulo.

Ena adzati msodzi wa usipa safunika kudziwa zonsezi. Ayi ndithu! Munthu wosadziwa pomwe wasiyana ndi mnzake ndiye savuta kumutuma ndewu, ndipo zinthu zikathina, ngalawa yolandidwa ndi yake, osati ya nduna. Aphunzitsi, alembi ndi atolankhani, phunzitsani anthu funso la amfumu lija. Kuona maso a nkhono n'kudekha.