Ichi chakoma, ichi chakoma: za Khirisimasi tiyambe kudya liti?

Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwambi umenewu ndinaumvetsa ndili mwana, ndipo mphunzitsi wake anali botolo la Sobo. Chaka china mayi anagula botololo Disembala atangoyamba, pamodzi ndi paketi ya mabisiketi ndi kathumba ka mpunga, n'kuzitsekera m'sutikesi yomwe inkakhala kunsi kwa bedi. Kiyi ankamumangirira pansonga ya chitenje. Tsoka ilo, loko wa sutikesiyo anali wokalamba, woti ngakhale msomali ankaumvera. Ine ndi achimwene anga tinapangana kuti tingolawako pang'ono, kenako tithiremo madzi kuti botolo lioneke lodzaza. Mawa lake tinalawanso, mkuja chimodzimodzi. Pa 25 mayi atasungunula Sobo uja alendo ali khale pamphasa, m'makapu munalowa madzi otuwa ngati otsukira mbale. Agogo anayang'ana m'kapu, anatiyang'ana ife, n'kumwa osanena kanthu. Shamu inabwera madzulo, koma ululu wake unatha msanga. Chomwe chinandikhalira pamtima n'chakuti tsiku lomwe nyumba yonse inaliyembekezera chaka chathunthu tinali titalimwa kale awiriwiri, mobisa, kunsi kwa bedi.

Nkhani yomweyi imabuka m'mabanja ambiri Disembala akalowa. Katundu wa chikondwerero walowa m'nyumba, kreti ya zoziziritsa kukhosi ili pakona, tambala wamangidwa mwendo kuseri kwa khitchini. Ana akuzungulirazungulira ngati nyerere pa shuga. Bambo akuti, "Apatseni ana, zinthu tagulira iwo omwewa." Mayi akuti, "Aliyense wokhudza aona zakuda, tsiku lake silinafike." Ine ndaima kumbali ya mayi, ngakhale kuti sindiwavomereza pa zonse. Maganizo anga ndi akuti kugula kuyambe msanga, kudya kudikire tsiku lake, ndipo tsikulo likafika aliyense wa m'nyumba ayambe nthawi imodzi ndi mnzake.

Makolo athu funso limeneli silinkawavuta, chifukwa zokoma zinali zosowa. Kumudzi Khirisimasi inkadziwika ndi fungo: mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ukununkhira mpaka kumsewu, nkhuku ikuwira mumphika, buledi ndi tiyi wamkaka m'mawa, thobwa m'ndowa, ndi chigumu. Zimenezi zinkafika pamaso pa mwana kamodzi kapena kawiri pachaka, n'chifukwa chake tsikulo linali ndi ulemerero. Lero masitolo akuluakulu a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amayamba kukongoletsa Novembala asanathe. Kwabweranso za Black Friday zokopa anthu kuti akhuthule m'matumba. Pa Facebook ndi WhatsApp anzathu amayamba kuonetsa nyama yootcha mwezi usanafike pakati. Abale athu okhala ku Britain amatiuza kuti kumeneko zakudya za Khirisimasi zimakhala zili kale pamashelefu mu Okutobala. Nawo a ku Joni akatsika basi atadutsa pachipata cha Mwanza kapena Dedza ndi zikwama zotupa, mudzi wonse umayesa kuti Khirisimasi yafika tsiku lomwelo. Chikondwerero cha tsiku limodzi chatambasuka mpaka kukhala cha mwezi wathunthu, pomwe thumba lathu likadali lomwe lija.

Komatu nzeru yodikira tsiku ndi yathu yakalekale, sinabwere ndi amishoni. Abale athu Angoni a ku Chipata, m'dziko la Zambia, amasonkhana ku Mtenguleni chakumapeto kwa Febuluwale pa mwambo wa Ncwala, pomwe Inkosi ya Makhosi Mpezeni imalawa zipatso zoyamba za m'munda. Tanthauzo la mwambowo n'lakuti zakumunda zatsopano zili ndi nthawi yake yoyambira kudyedwa, ndipo nthawiyo ndi ya mtundu wonse. Munthu sankangoti poti dzungu lakhwima m'munda mwake, basi athyole aphike. Ankadikira kuthokoza Mulungu ndi makolo, kenako onse n'kuyamba limodzi. Lamulo lotere linkateteza munda kuti usathe chimanga chikadali chachiwisi, komanso linkachititsa kuti kudya kukhale chimwemwe cha anthu onse. Amene munda wake wacha msanga sankatafuna mondokwa pamaso pa mnzake amene chimanga chake chikadali ngaiyaye.

Zipembedzo zathu zikuphunzitsa zomwezo. Akatolika ndi mipingo ina amasunga nyengo ya Adventi, Malamulungu anayi oyembekezera, ndipo chisangalalo chimatseguka ndi Misa ya usiku wa pa 24 kapena mapemphero a m'mawa wa pa 25. Abale athu Achisilamu amasala mwezi wonse wa Ramadan, ndipo Eid sayiyamba mpaka mwezi utaoneka kumwamba, ngakhale mpunga ndi mbuzi zikhale zili kale pakhomo. Onsewa anazindikira kuti chakudya cha chikondwerero chimakoma ndi njala ya kuchiyembekezera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene wakhala akumwa Fanta tsiku ndi tsiku kuyambira pa 10, pa 25 mudzamupatsa chiyani choti maso ake awale?

Palinso nkhani ya thumba, ndipo apa m'pomwe pusi amagwera chagada kwenikweni. Kwa anthu akumayiko ozizira Disembala ndi nthawi yopuma. Kwa ife ndi pakati pa ntchito ndiponso pakhomo pa njala. Nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, chimanga chatsopano chikadali m'mawondo, mtengo wa chimanga pamsika ukukwera. Amene anabzala ndi mvula yoyamba, kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, nthawi yothira feteleza wobereketsa imamugwera masiku omwewa a chikondwerero. Chimanga sichidziwa Khirisimasi. Mukachedwa kuchithira feteleza chifukwa ndalama yake yapita ku nyama ya mbuzi, chidzakuyankhani mu Epulo ndi tizitsononkho tosaoneka bwino.

Wapantchito nayenso asadzinamize. Mabwana ambiri amalipira msanga mu Disembala, ndipo anthu amasangalala ngati alandira mphatso, pomwe ndi malipiro omwe aja angofulumira kubwera. Tiyerekeze kuti mwalandira pa 18 Disembala ndipo ena adzabwera pa 27 Januwale. Amenewo ndi masiku 40 oti ndalama ya masiku 30 iwasenze, ndipo mkati mwake muli Khirisimasi, Chaka Chatsopano, lendi, ndi kutsegulira kwa teremu yachiwiri. Ngakhale maphunziro a pulayimale akhala aulere kuyambira 1994, yunifolomu, makope ndi nsapato sizigwa kumwamba, ndipo wa kusekondale yogonera komweko amafuna thiransipoti, sopo ndi kamba. N'chifukwa chake Januwale timamunena kuti ndi mwezi wautali kuposa yonse. Amayi a banki m'khonde, omwe ambiri amagawana ndalama zawo kumapeto kwa chaka, akudziwa bwino zimenezi. Ndalama yosonkha miyezi khumi ndi iwiri itha kutha pa sabata imodzi, mu Januwale n'kukagogoda kwa wakatapila. Nyumba yomwe yayamba kudya za chikondwerero pa 15 imagula kawiri, chifukwa pofika pa 24 kreti imakhala ya mabotolo okhaokha, ndipo palibe kholo lomwe lingalole ana ake kudya nsima ya bonya pa Khirisimasi anzawo akudya mpunga. Ndalama yogulira kachiwiriyo imachokera ku feteleza kapena ku fizi. Walira mvula walira matope.

Tsono wina asamve ngati ndikuti tizidikira pa 24 kuti tikagule. Amenewo ndi mavuto ena. Zengerezu analinda kwawukwawu. Masiku omaliza mitengo ya nkhuku ndi mbuzi imakwera, minibasi zimadzaza, mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe simupondeka, ndipo akuba a m'matumba amakolola. Tinaonanso mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, momwe mitengo inasinthira pa masiku ochepa. Amene anali atagula kale mafuta ophikira, shuga ndi mpunga anapuma bwino. Choncho zosawonongeka zigulidwe pang'onopang'ono kuyambira Okutobala kapena Novembala: lero botolo la mafuta, mwezi wamawa mpunga, monga tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Zowonongeka msanga, monga nyama, buledi ndi keke, zidikire masiku omaliza. Ndi kuthimathima kwa magetsi kuno kwathu, kudzaza filiji ndi nyama milungu iwiri isanakwane n'kuitana misozi. Tambala wamoyo kuseri kwa nyumba amasungika bwino kuposa nyama ya mufiliji, bola akhale wolandira katemera wa chitopa.

Apa ndiyenera kutembenukira kwa amayi aja ndawaikira kumbuyo, pakuti nawonso ali ndi matenda awo. Alipo ena osunga mopitirira muyeso. Khirisimasi yafika, ana alawa kabisiketi kamodzikamodzi, zotsala zabwerera m'sutikesi kuti mwina kubwera alendo. Chaka Chatsopano chadutsa, tsiku la Chilembwe pa 15 Januwale ladutsa, mabisiketi afewa ndi chinyezi cha dzinja, mpunga walowa anankafumbwe. Kumeneko n'kumana, ndipo mwana womanidwa ndi amene amaphunzira kutsegula loko ndi msomali. Ndikunena zimene ndinachita ndekha. Mwana ukamuuza kuti "usakhudze" osamuuza kuti adzakhudza liti, amadziikira tsiku lake. Ukamuuza kuti "tidzatsegula Lachitatu tikachoka kutchalitchi, ndipo botolo loyamba udzatsegula ndiwe", amasanduka mlonda wa kretiyo, n'kumawerenga masiku ndi zala.

Nawo abambo asabisale kumbuyo kwa ana. M'nyumba zambiri woyamba Khirisimasi msanga ndi mwini nyumba, ndipo amaiyambira kunja. Malipiro akangolowa, iye ali kale pamalo omwera ndi anzake, kanyenya ali pambale, kunyumba akudya masamba a nyemba. Pa 25 akubwera ndi nkhuku imodzi yowonda, nkhope ili gwa, akudandaula kuti zinthu zadula. Bambo wotere alibe pakamwa poletsera mwana kuba bisiketi. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ngati nyumba yagwirizana kudikira, adikire onse, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, kuphatikizapo mtsikana wantchito ndi mwana wamasiye amene mukumulera. Zokoma zodyera kuchipinda chitseko chili chotseka zimabala kaduka kamene ana amakula nako.

Nanga tichite bwanji? Banja likhale pansi Disembala asanafike pakati, ndalama ya feteleza, fizi ndi lendi ya Januwale ipatulidwe poyamba. Yotsalayo ndiyo ya chikondwerero, kaya ndi yochuluka kaya ndi yongokwana nkhuku imodzi ndi makilogalamu awiri a mpunga. Zogulidwazo zigawidwe patatu. Gawo loyamba litsegulidwe madzulo a pa 24 kapena pa 25 mapemphero akatha, malinga ndi mwambo wa nyumbayo, n'kufika nalo pa 26. Lachiwiri lidikire usiku wa pa 31 ndi pa 1 Januwale, kuti chaka chisayambe ndi mphika wozizira. Lachitatu, ngakhale lichepe bwanji, lituluke pakhomo: mbale ya mpunga kwa agogo a kuseri kwa mpanda, botolo kwa mlonda, kachidutswa ka nyama kwa mnansi amene chaka chino sichinamuyendere. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, ndipo kupatsa n'kuika. Pa 2 Januwale sutikesi ikhale yopanda kanthu, moyo ubwerere m'malo mwake.

Masiku odikirawo ana sangafe ndi nkhuli. Disembala wathu ali ndi zokoma zake zomwe sizifuna ndalama zambiri. Mango ali mbwee m'mitengo ndi m'misika, ngumbi zimatuluka mvula ikagwa, bowa ali m'thengo. Apatseni zimenezo, muwatume kusankha mpunga, kusesa pabwalo, kudyetsa tambala ndi kukonzekera sewero la kutchalitchi. Kukonzekera nakonso ndi mbali ya chikondwerero, ndipo akadzakula adzakumbukira zimenezi kuposa kukoma kwa bisiketi.

Mayi anga chaka chotsatira sanagule loko watsopano. Anaika botolo la Sobo poyera pamwamba pa kabati, anatiuza tsiku lodzalitsegula, n'kundisankha ine, wakuba uja, kuti ndikhale wolisunga. Linafika pa 25 lili lomata. Inunso chaka chino gulani msanga, auzeni ana tsiku, ndipo tsikulo likafika tsegulani onse ali pamphasa imodzi.