Kuchokera ku Kasungu: Ndege Ifupikitsa Ulendo Uti?

Pa nyengo ya msika wa fodya, pamene mabelo alikutsitsidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, nkhani za maulendo zimachuluka m'boma la Kasungu. Mlimi wagwira ndalama ndipo afuna kukaona mwana wake ku Joni. Mphunzitsi ndi kalaliki aitanidwa kumsonkhano ku Blantyre. Onsewo funso lawo ndi limodzi: kodi kukwera ndege kupulumutsa nthawi yochuluka bwanji? Nthawi yolembedwa pa tikiti siyankha funsolo, pakuti iwerenga za mumlengalenga zokha.

Tiyambe ndi ulendo wa ku Blantyre. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kufika pa Chileka pali makilomita pafupifupi 245, ndipo ndege siitha ola lathunthu. Koma bwalo la ku Kasungu ndi laling'ono, sipatera ndege zonyamula anthu tsiku ndi tsiku. Tsono munthu ayenera kuyamba wayenda makilomita 100 pa msewu wa M1, ndiwo maola awiri pa minibasi. Pa bwalo afunika kufika kukali ola limodzi ndege isananyamuke. Akatera pa Chileka patsalanso makilomita 16 kuti alowe mumzinda. Tikawonkhetsa zonse tipeza maola 4 kapena 5. Wopita pa msewu, makilomita pafupifupi 440, atha maola 7. Kotero wokwera ndege apindula maola awiri kapena atatu okha, atalipira mtengo woposa wa basi kangapo.

Ulendo wa ku Johannesburg uli ndi nkhani ina. Mumlengalenga pali makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Lilongwe, ndipo ndege yosaima panjira ifika m'maola awiri ndi theka. Basi idzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, mtunda woposa makilomita 1,800, niima pa malire atatu. Usana umodzi ndi usiku wake sizikwanira. Apa ndege ibwezera munthu tsiku lathunthu la ntchito.

Kusiyana kumeneku chifukwa chake n'chapafupi. Nthawi yopita ku bwalo ndi yodikira pa bwalo siisintha, kaya munthu apite pafupi kaya kutali. Pa ulendo waufupi nthawiyo idya phindu lonse la liwiro la ndege. Pa ulendo wautali ichepa mphamvu.

M'mbuyomu zinthu zinali zovuta koposa. Bwalo la Kamuzu lisanatsegulidwe mu 1983, khomo lalikulu la dziko lino linali Chileka, ndipo wa ku Kasungu wofuna ndege yopita kunja anayenera kutsika mpaka kum'mwera. Ntchito yokonzanso msewu wa M1 kuyambira pa mphambano ya bwalo la Kamuzu kudzera ku Kasungu, imene Boma linaiyamba mu 2022 ndi chithandizo cha European Investment Bank, iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi nkhani ya ndege, popeza mphindi iliyonse yopulumutsidwa pa msewuwo ichotsedwa pa ulendo wonse.

Kwa awerengi athu amene asunga ndalama za Boma, ndi amene atumiza anzawo ku misonkhano, mawu athu ndi awa: werengani ulendo kuyambira pa khomo la ofesi kufikira pa khomo la kumene mukupita. Mukatero mudzadziwa pamene tikiti ya ndege iyenera mtengo wake, ndi pamene basi ikwanira.